Ndowa yodzala kapena nsomba imodzi?

Pa Ciwelu paliponse, tikatsiliza za kudimba, timanyamula mbedza na kacitini ka nyongolotsi n'kutsetseleka ku damu ya kumunsi kwa mudzi wathu, kuno ku Katete. Ndife amuna awili a bele limodzi, ndipo tonse ndife anthu a ndowa. Mbedza zathu ni zing'onozing'ono, timakhala pamadzi osaya pafupi na bango, ndipo kamphende kalikonse kakadya nyambo timakaponya m'ndowa. Dzuwa likamapendeka timakhala na tunsomba 30 kapena 40, tosafika ngakhale pa cikhatho. Tikatukazinga na saladi pang'ono na tomato, ana a nyumba ziwili amadya nsima n'kukhuta.

Amalume athu ni a mtundu wina. Iwo amakhala okha pa cipupa ca damu, pamene madzi ni akuya, na mbedza yaikulu na nyambo yaikulu. Kansomba kakang'ono sikangameze nyambo yawo, ndipo ni zimene amafuna. Masabata atatu angathe akubwelela cimanjamanja. Koma tsiku limene agwila, mudzi wonse umamva, cifukwa nsombayo amaikoloweka pa handulo ya njinga n'kudzela njila yaitali ya pa cigayo.

Takhala tikusekana kwa zaka. Ife timati, "Amalume, kodi mbili amadyela nsima?" Iwo amati, "Aphwanga, inu simuwedza, mumatola."

Khalidwe limeneli analitenga ku Zimbabwe, kumene anasewenza pa mafamu ali mnyamata, monga anacitila Acewa ambili. Pa Sondo anali kunyamulila abwana awo zowedzela ku damu ya pa famu, mmene munali nsomba yochedwa bass. Nsombayi kwawo ni ku North America, ndipo inabweletsedwa m'madamu a kum'mwela kwa Africa makamaka kuti anthu aziiwedza mwa masewela. Ili na kukamwa kwakukulu ndipo imadya nsomba zinzake, acule na nkhanu. Amalume amati cinawadabwitsa ni kuona munthu alimbana na cinsomba mpaka thukuta, acipima pa sikelo, n'kucibwezela m'madzi. Tsiku loyamba anaganiza kuti abwanawo mutu suyenda bwino.

Ife tinali kuona ngati nkhani ya nsomba zazikulu ni matenda a anthu okhuta. Koma awedzi a bass nawonso ni ogawanika monga ife. Ena amafuna kuti cingwe cizigwedezeka tsiku lonse ngakhale nsombazo zikhale zazing'ono. Ena amalola kupsa na dzuwa kuyembekezela imodzi. Bass yochuka koposa inagwidwa na George Perry mu 1932 ku Georgia, ku America, ndipo inalemela makilogilamu 10 na pang'ono. Panapita zaka 77 kuti Manabu Kurita agwile yolingana nayo mu nyanja ya Biwa ku Japan, mu 2009. Tinawauza amalume nkhani imeneyi pofuna kuwaseka, kuti aone kutalika kwa mzela umene aimapo. Iwo anangoti, "Mwaona? Dzina la munthuyo mulidziwa. Nichulileni dzina la amene anadzaza ndowa mu 1932."

Nthabwala zinayamba kucepa zaka zitatu zapitazi. Tunsomba twathu tunayamba kucepela, kucoka pa cikhatho kufika pa zala zitatu. Ndowa inali kudzalabe, koma m'ciwaya munali minga na mitu cabe. Amalume anatha dzinja na cilimwe osadzela njila ya pa cigayo. Iwo anati olakwa ndife, timadya ana a nsomba asanakule. Ife tinati olakwa ni iwo na anzawo, anatsiliza makolo onse.

Cinatithandiza ni pulogilamu ya zaulimi pa wailesi yathu ya m'dela, kumene mmodzi wa ife amathandizila kuyankha mafoni. Tsiku lina kunabwela mlangizi wa za nsomba, ndipo pulogilamu itatha tinamufunsa za damu yathu. Anatifotokozela kuti mphende, zimene ku tauni amati bream, zimaswana msanga. Yaikazi imasunga mazila na ana m'kamwa, motelo ambili amapulumuka. M'madzi otsekeka zikaculuka kwambili cakudya cimacepa, ndipo zimayamba kuswana zikali zazing'ono, mphamvu yonse n'kuthela m'mazila m'malo mwa mnofu. Damu imadzala na nsomba zokalamba koma zopinimbila. Anati bass nayonso imatelo. Ni cifukwa cake osamalila madamu ku America amalangiza eni ake kucotsa bass zazing'ono zambili caka ciliconse ngati afuna kuti zotsala zikule, na kubwezela zazikulu m'madzi.

Tinabwelela ku mudzi mapewa ali m'mwamba. Tinali kuganiza kuti mlandu tawina: ndowa yathu ndiyo imapatsa malo nsomba ya amalume. Koma mlangizi uja anali atanenanso zina zimene sitinafune kuzikumbukila. Anati mbedza imasankha, koma neti ya udzudzu sisankha: imakokolola ana a nsomba, mazila na zisa zomwe, ndipo lamulo limaletsa kuwedzela neti yotele. Anatikumbutsanso za nthawi imene boma limatseka usodzi, kuyambila pa 1 December mpaka kumapeto kwa February, pamene nsomba zambili zimaswana. Apa tinayang'ana pansi. Mu January, nkhokwe ikapepuka ndipo ndiwo ni masamba a maungu tsiku na tsiku, neti ya ku cipatala ija inalowapo m'madzi usiku, ndipo manja amene anaikoka ni athu. Komanso mphende yaikulu iliyonse imene inakodwa, kaya pa mbedza ya amalume kaya pa yathu, palibe inabwelelapo m'madzi.

Nkhaniyi inafika kwa amfumu mwezi wa October. Pa bwalo panali phokoso. Amayi ena amasiye anaimilila n'kufunsa kuti, "Inu a nsomba zazikulu, mwana akalila madzulo ano nimuuze kuti ayembekeze caka camawa?" Palibe anawayankha, cifukwa funsolo linali loona. Munthu wa njala sawelengela makilogilamu a mtsogolo. Pomaliza tinagwilizana zinthu zitatu. Neti ya udzudzu isalowenso m'damu. Miyezi itatu ija mbedza zipacikidwe. Ndipo kwa zaka ziwili, mphende yazing'ono na yapakati munthu atenge mmene angathele, koma yopitilila kutalika kwa phazi la munthu wamkulu ibwelele m'madzi. Amalume ndiwo anavutika kwambili na lamulo lacitatuli, koma anakweza dzanja. Anati ku Zimbabwe anaziona, sangacite ngati sadziwa.

Tsopano tiulule zimene zatilembetsa nkhaniyi. Mu April caka cino, pa Ciwelu cina, cingwe cathu cimodzi cinakoka mwacilendo. Tinaganiza kuti mbedza yakola cipika. Titakoka, panatuluka mphende yonenepa, yopitilila phazi na zala zinayi. Pa zaka zonse za ndowa tinali tisanagwilepo yotele. Manja ananjenjemela, ndipo kwa nthawi yoyamba tinamvetsa cimene cimakhazika amalume pa cipupa paja masabata atatu. Tinayang'ana uku na uku. Pa damu panalibe munthu. Ku nyumba kunali apongozi amene anabwela dzulo lake kucoka ku Petauke, ndipo nkhuku zathu zinali zitatha na citopa.

Tinaikulunga m'masamba n'kuiika pansi pa ndowa, tunsomba pamwamba.

Madzulo, mphika uli pa moto, tinamva belu ya njinga. Amalume analowa, anapatsana moni na apongozi, ndipo sitikanacitila mwina koma kuwapatsa madzi osamba m'manja. Mbale itavundukulidwa anaiyang'ana nthawi yaitali. Sanatidzudzule pamaso pa alendo. Anangoti, "Aphwanga, mutu munipatse ine. Imeneyi inali nsomba yanga ya caka camawa."

Apongozi anaseka poganiza kuti ni nthabwala. Ife nsima inatikakamila pakhosi. M'mawa mwake tinapita tokha kwa amfumu kukadzinenela, ndipo anatilamula kukonza mbali ya cipupa imene ng'ombe zinagumula. Nchitoyo inatidyela ma Ciwelu awili.

Ku damu timapitabe na ndowa yathu, cifukwa ana sanaleke kudya. Koma m'kacikwama ka mbedza tsopano muli imodzi yaikulu, imene tinagula mwakacetecete pa boma. Amalume anaiona sabata yatha. Sananene kanthu. Anangosendeza kampando kawo pang'ono kuti pa cipupa pakhale malo.