Galu wa ku Mvera anandikhalira pamiyendo

Anyamata a kudoko, makamaka inu amene mumandiseka kuti ndimathawa ngakhale kagalu koyamwa, werengani mpaka kumapeto musanayambe kunditumizira timitu toseka tija.

Mu July mwera unavuta, maboti ambiri anangokhala pamtunda, ine masipanala ali m'chikwama osagwira ntchito. Ndiye atandiimbira bambo ena a ku Dowa kuti injini ya chigayo chawo yafa, sindinafunse kawiri. Ndinazolowera ma Yamaha a pamadzi, koma m'thumba munali mutauma. Ndinakwera minibasi pa Salima, msewu wa ku Lilongwe uja, n'kutsika pa Mvera, kenako kabaza ya njinga yamoto kukwera zitunda. Kuzizira kwa kumeneko, aise! Ine ndinapita ndi malaya amodzi ngati ndikupita pamsika wa Senga Bay.

Titangofika pageti ndinamva kuuwa. Mawu ake ankagunda m'chifuwa mwanga ngati injini ya 40 ikamalira pafupi. Kenako chinatulukira chigalu chofiirira, kukamwa kwakuda, mutu ngati mtondo. Ndinabisala kuseri kwa wa kabaza, sindinama.

"Musaope a mekaniki, ameneyu ndi mwana," anatero mayi a pakhomopo.

Mwana? Abale!

Anandiuza kuti ndi Boerboel. Mtundu umenewu unachokera ku South Africa, kumene alimi ankauweta kuti uzilondera mafamu, ndipo wamphongo akakhwima amapitirira makilogalamu 60. Ndiye kuti thumba la chimanga la 50 lija n'lopepuka. Mwana wawo amene amagwira ntchito ku Joni ndi amene anatumiza ndalama yogulira, akuba atawabera mbuzi kawiri komanso fodya m'chigafa.

Ena simudziwa chifukwa chake ndimaopa agalu. Ndili ndi zaka 9 galu anandiluma kumwendo kuseri kwa mathandala a usipa. Amayi anatsuka balalo ndi sopo nthawi yaitali ine ndikulira, kenako ulendo wa kuchipatala, majakisoni masiku angapo. Anachita bwino, chifukwa chiwewe chikangoyamba kuoneka pa munthu palibenso chomupulumutsa. Choncho funso langa loyamba pakhomopo silinali la injini ayi, ndinafunsa ngati galuyo anabayitsa katemera. Anakatenga khadi lake n'kundionetsa. Mtima unatsikako pang'ono, pang'ono chabe.

Injini inalibe vuto lalikulu. Dizilo anali ndi madzi, fyuluta itatsekeka. Koma pomaliza kunali kutada, anandiuza kuti ndigone konko.

Usikuwo tinakhala panja kuwotha moto, ine pa mpando wa ndalema. Chigalu chija chinabwera, n'kundinunkhiza nsapato, kenako mawondo. Ine chete ngati mtembo. Chinatembenuka, n'kuyamba kubwerera chafutambuyo ngati lole ikufuna kupakira, mpaka phwa, matako onse pamiyendo panga, miyendo yakutsogolo ili pansi. Kenako chinapumira m'mwamba ngati munthu amene wafika kwawo atayenda ulendo wautali.

Bambo aja anaseka mpaka kutsokomola. "Wakukondani a mekaniki. Mkandeni kuseri kwa khutu."

Dzanja linkanjenjemera, koma ndinamukanda. Anatsinzina. Patapita nthawi miyendo yanga inachita dzanzi, mpando ukulira, koma ndinalibe mtima womuuza kuti achoke. Komanso kunena zoona ankafunda kuposa bulangete.

Mayi aja ndi amene anandifotokozera. Galuyo anabwera ali kamwana, nyengo yozizira ngati yomweyi, ndipo usiku ankalira. Iwo ankamukulunga m'chitenje n'kumuika pamiyendo pafupi ndi moto, kumamupatsa phala. Thupi linakula, koma m'mutu mwake malo okhala akadali omwewo. Palibe anamuuzapo kuti tsopano ndi thumba la chimanga.

Musaganize kuti ndi wopusa. Cha m'ma 2 koloko usiku kunamveka tseketseke kukhola la mbuzi, ndipo mawu amene anatulutsa anandidzutsa ndili chilili. Mlendo asayerekeze kumuthamangira kukamusisita eni ake palibe.

Chimene chinandisowetsa tulo kuchokera pamenepo si mantha ayi. Ndinkaganiza za agalu athu a kudoko. Ndani wa ife anakandapo galu kuseri kwa khutu? Ife timadziwa "choka!" ndi mwala basi. Galu kwathu ndi wakuba usipa, ndipo n'zoona amaba, thandala limodzi ndi fizi ya mwana. Koma ndinakumbukira chaka chitatha chindilumireni, ndinagenda kagalu kena kakuda kamene sikanandilakwire chilichonse. Ndinakathyola mwendo wakumbuyo. Bambo anandiyamikira kuti ndachita chamuna. Kanakhala kakutsimphina pagombe paja mpaka ndinalowa sekondale, ndipo kakandiona kankazungulira kutali, m'madzi mwenimweni. Nkhani imeneyi sindinauzepo munthu.

M'mawa tili pachitunda bambo aja anandilozera kum'mawa, akuti kukayera nyanja imaoneka. Tsikulo kunali nkhungu. Galuyo anandiperekeza mpaka pageti, akunditsamira ndi thupi lonse moti ndinatsala pang'ono kugwera pa njinga.

Nditabwerera, pali kagalu kena koonda kamene kamakonda kugona pansi pa boti lakutha lija pafupi ndi pamene ndimakonzera mainjini. Ndinakaponyera mitu ya utaka. Kanathawa kaye, kankayesa mwala. Bambo anaona n'kunena kuti, "Iwe, ukakazolowetsa kameneko, kakadzaba usipa udzalipira ndiwe." Ndinati chabwino bambo, ndidzalipira.

Tsopano papita milungu itatu. Kamabwera ndikamamasula kabureta, n'kukhala poteropo, mwina mamita anayi. Ndikatambasula dzanja kamadzuka n'kubwerera m'mbuyo. Amene akudziwa tsiku limene alangizi a ziweto adzabwere kudzabaya agalu kuno andiuze, ngakhale sindikudziwa kuti ndidzakagwira bwanji.