Pamsewu wa ku Karonga ndi ochemerera Maule

Akonzi,

Masiku ano ukatsegula wailesi kapena Facebook, nkhani ya ochemerera FCB Nyasa Big Bullets imakhala imodzimodzi: tigule ndani, tichotse ndani. Ndiloleni ndiponyepo mawu anga kuchokera pa zomwe ndidamva ndi kuona nditatsatira timuyi kuchoka ku Blantyre kukafika ku Karonga, mtunda wa makilomita oposa 800. Za zigoli sindilemba, nonse mudamva pawailesi. Ine nkhani yanga ndi ya msewu, chifukwa msewu umenewo ndi womwe anyamata athu amayenda asadalowe m'bwalo.

Tidanyamuka pa Wenela dzuwa litapendeka. M'basimo ovala zofiira tidalipo ochepa chabe. Ambiri adali amayi a geni opita kuchipata cha Songwe kukapikula katundu ku Tanzania. Tisadafike ndi pa Lunzu pomwe, msika wa osewera udali utatsegulidwa kale. Mnyamata wina wa ku Ndirande, yemwe adakhala pampando wakumbuyo kwanga, adati vuto la Maule ndi kutsogolo: mipata ikupezeka yambiri koma palibe woiponya mu ukonde. Mnzake adatsutsa, nati kutsogolo kuli bwino, pobooka ndi kumbuyo, makamaka mipira yam'mwamba ikachokera pakona. Wachitatu adati onse akunama, timu ikusowa munthu wapakati wogwira mpira ndi kuugawa mofatsa. Pomwe tinkaoloka Shire pa Zalewa n'kuti atatuwa atagula osewera asanu ndi kuchotsa anayi, osatulutsa ndi tambala yomwe.

Pambali panga padakhala bambo wina wachikulire, wa imvi, atakulunga sikafu yofiira yakalekale m'khosi. Iye adangomvetsera mpaka pa Chingeni. Atayamba kuyankhula, adayambira patali. Adakumbutsa anyamatawo kuti timuyi idabadwa mu 1967, osewera ena atapatuka ku Wanderers, choncho kusamuka kwa osewera ndi komwe kudabala Bullets. Adatchula nthawi ya Bata Bullets, kenaka chaka cha 2004 pomwe Kinnah Phiri adafikitsa Bakili Bullets m'magulu a CAF Champions League. Mfundo yake idali yoti timu ya 2004 idafika patali chifukwa nthawi imeneyo osewera ankasamalidwa, ndipo mitima yawo idali pa mpira pokha.

"Madala, zimenezo n'zakale," adatero wa ku Ndirande uja. "Ife tikufuna chikho chaka chino."

"Mwana wanga, chikho chimadza ndi miyendo," adayankha bamboyo. "Miyendoyo uione mawa tikafika."

Pa Lizulu basi idaima, anthu n'kugula mbatata ya kachewere ndi kabichi kudzera pazenera. Apa m'pomwe adadziulula neba, wochemerera Mighty Wanderers yemwe adakhala chete njira yonse. Iye adati ife a Maule tidazolowera zabwino, n'chifukwa chake tikangofanana mphamvu ndi timu ina timayamba kulira ngati kwagwa maliro. Tidamuwowoza, koma adanena zoona. Kalisto Pasuwa adatipatsa ligi kasanu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023, ndipo mu 2023 tidasesa zikho zonse zinayi: ligi, FDH Bank Cup, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge Cup. Silver Strikers itatenga ligi ya 2024 pansi pa Peter Mponda, ambiri a ife tidaona ngati dziko latha. Mponda yemweyo adabwerera kwawo ku Bullets, Pasuwa n'kupita ku Flames, koma mtima wofuna kupambana Loweruka lililonse udakali pomwepo.

Nkhani yomwe idatenga nthawi yaitali, kuchokera ku Dedza mpaka titadutsa Lilongwe, idali ya osewera omwe timagulitsa kunja. Anyamata aja adawerenga ndi zala: Charles Petro adapita ku Sheriff Tiraspol ya ku Moldova, Peter Banda ku Simba ya ku Tanzania, Patrick Mwaungulu ndi Lanjesi Nkhoma ku DR Congo komwe kuli TP Mazembe. Dandaulo lawo lidali loti mwana akangoyamba kuwala, akuluakulu amamugulitsa, ndipo timu imayambanso kumanga kuchokera pansi.

Yemwe adawayankha adali mmodzi mwa amayi a geni aja. Iye adati za mpira sadziwa, koma za kwacha amadziwa. Adakumbutsa kuti mu Novembala 2023 ndalama yathu idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wopita kuchipata amaona yekha momwe kwacha imasungunukira m'manja.

"Achimwene," adatero mayiyo, "akadakhala mwana wanu, anthu akumuitana kukalandira madola, mukadamuuza kuti akhale chifukwa inu mukufuna kuvina pa Kamuzu Stadium?"

Palibe adayankha. Ine ndikugwirizana nawo mayiwo. Wosewera mpira ali ngati mlimi wa dzinja limodzi. Akachita mwayi amasewera zaka khumi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo bondo likhoza kumudulira zakazo tsiku lililonse. Kumuletsa kupita n'kumulakwira. Chomwe ochemerera tiyenera kufunsa ndi momwe akupitira. Malamulo a FIFA amalola wosewera yemwe kontirakiti yake yatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kusainirana ndi timu ina, ndipo ikatha amachoka ulere. Timu yochenjera imawonjezera kontirakiti nthawi ilipo, kuti mwana akamapita isiyidwe ndi kanthu. Malamulo omwewo amati wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina, 5 peresenti ya mtengowo igawidwe kwa matimu omwe adamuphunzitsa ali ndi zaka za pakati pa 12 ndi 23. Matimu ang'onoang'ono a m'maboma, omwe amatola ana m'madambo, ayenera kumadziwa zimenezi ndi kusunga mapepala a ana awo.

Titadutsa Kasungu mkangano udazilala. Pa Jenda apolisi adatitsitsa, tidakweranso tili njenjenje. M'nkhalango ya Chikangawa mudali chifunga ndi chisanu cholowa m'mafupa, ndipo mawondo anga adali atauma chifukwa chopindika usiku wonse. Ndidayang'ana anyamata ogula osewera aja: onse adali atagona, makosi atapindika. Timu siyenda usiku wa tsiku la masewero ngati ife, imanyamuka kudakali masiku, koma msewu ndi womwewu, maenje ndi omwewa, ndipo maola okhala pampando sachepa. Ligi yathu ili ndi matimu 16, kutanthauza masewero 30 pachaka, osawerengera zikho. Odziwa za thupi la wosewera amalangiza kuti pakati pa masewero awiri pazidutsa maola osachepera 72. Komatu zaka zapitazo matimu akapita chigawo china ankasewera Loweruka ndi Lamulungu lomwe pofuna kupulumutsa ndalama ya mafuta ndi malo ogona. Ife a kummwera timadandaula ulendo wotere kangapo pachaka. Taganizirani anyamata a Karonga United kapena a ku Chitipa, omwe pafupifupi ulendo uliwonse wakoyenda umakhala wotere.

Ku Mzuzu tidafika mbandakucha. Tidamwa tiyi pafupi ndi depoti n'kukwera minibasi. Ekwendeni, Phwezi, kenaka msewu udayamba kukhotakhota potsika Chiweta. Munthu amene sadaonepo malowa akuphonya: phiri mbali iyi, phompho mbali inayo, anyani atakhala m'mphepete mwa msewu, ndipo mwadzidzidzi nyanja imatulukira pansi, yobiriwira mpaka komwe maso alekeza. Kondakitala ataona malaya athu adatiuza monyadira kuti kuno ndi kwawo kwa Gabadinho Mhango. Minibasi yonse idayamba kukamba za chigoli chija adamwetsa Morocco ali patali mu Januwale 2022, pomwe Flames idafika mundime ya matimu 16 ya Africa Cup of Nations. Gaba adachoka ku Bullets mu 2013 kupita ku Bloemfontein Celtic, ndipo nthawiyo ochemerera adadandaulanso chimodzimodzi. Lero tonse timamutcha wathu.

Bambo wina wa ku Chitipa, yemwe adakwerera pa Chitimba, adatchula dzina lina lomwe lidatiziziritsa: Abel Mwakilama, mnyamata wa Chitipa United yemwe adapita kukasewera ku Portugal n'kumwalira komweko mu 2018 atadwala malungo. Iye adati anthu akumpoto akamva kuti mwana wapeza timu kunja amasangalala, koma amafunsanso kuti akadwala kumeneko amuyang'anira ndani. Funso limenelo silimveka kawirikawiri m'mapologalamu a zamasewero. Timafunsa mtengo, sitifunsa komwe mwanayo akagone, chomwe akadye ndi yemwe angamuperekeze kuchipatala.

Kuchokera pa Chilumba mpaka pa Ngara, komwe usipa umayanikidwa pamathandala m'mbali mwa msewu, kutentha kudayamba kukwera. Majuzi omwe tidavala ku Chikangawa tidawavula, ndipo pofika ku Karonga malaya adali atamatirira kumsana. Karonga ndi tauni yafulati, ya njinga zambiri, ya mpunga wa Kilombero ndi nthochi zophika. Ili ndi nyumba yosungiramo mbiri yakale momwe muli mafupa a chinyama chija chotchedwa Malawisaurus. Koma tsiku la mpira, zonsezi zimaiwalika. Anthu amachokera ku Kaporo, ku Nyungwe ngakhale ku Chitipa, ena atavala zofiira ngakhale sadapondepo mu Blantyre. Bullets imatchedwa timu ya anthu pachifukwa chimenechi.

Wakabaza yemwe adanditenga kupita kubwalo adali wamtali, wa mapewa otambalala, koma ankapalasa mokokera mwendo umodzi. Nditamufunsa, adati adasewerapo kumbuyo m'timu ina ya ligi yaing'ono. Adavulala bondo pamasewero, timuyo idamugulira mankhwala opha ululu sabata yoyamba, kenaka foni idasiya kuyankhidwa. Padalibe kontirakiti yolembedwa, padalibe inshuwalansi. Adandiuza izi mosakwiya, ngati akunena za mvula ya chaka chatha.

"Bwana, mukamakuwa kuti uyu watha achoke, muzidziwa kuti ena amathera pano," adatero akugogoda chishalo cha njinga yake.

M'bwalo ndidakhala kumbali yopanda denga. Dzuwa la ku Karonga masana silichita nthabwala. Ife ongokhala pansi tinkamwa madzi botolo ndi botolo, pomwe anyamata a matimu onse awiri ankathamanga. Chigawo choyamba mpira udali wothamanga. Chigawo chachiwiri ndidaona zomwe madala aja ankanena. Wotchinga kumbuyo yemwe adalumpha bwino poyamba adayamba kuchedwa ndi phazi limodzi. Wapakati adayamba kuponya mipira yaitali m'malo mothamanga nawo. Mpira ukatuluka, ena ankagwira m'mawondo. Kumbuyo kwanga kudamveka mawu omwe timawadziwa tonse: "Ameneyo watha! Mugulitseni!" Adali mmodzi mwa anyamata a ku Ndirande aja, yemwe iye mwini adali atavula malaya, akudzipepesa mphepo ndi katoni.

Sindikunena kuti timu isamagule osewera, kapena kuti ochemerera asamadzudzule. Timalipira pakhomo, ena timagona m'mabasi, tili ndi ufulu woyankhula. Womwetsa zigoli wabwino akapezeka, agulidwe. Koma zina zomwe timazitcha kufooka kwa timu ndi kutopa kwa thupi, ndipo kutopa sikutha chifukwa wagula dzina latsopano. Wobwerayo adzakwera basi yomweyo, adzasewera pakapeti wa pa Kamuzu Stadium yemwe amatentha ndi kulimba dzuwa likakwera, ndipo pakatha miyezi itatu tidzamutukwananso. Timu yofuna kulimbana ndi zikho zinayi imafunika osewera okwanira kusinthana, dokotala ndi wowongola minofu oyenda nayo paliponse, chakudya choyenera, ndi nthawi yopuma. Ana angapo omwe tidawagulitsa kunja adakulira ku Bullets Reserve, umboni woti kulera kumabala kuposa kugula.

Pempho langa likupita kwa ochemerera anzanga a matimu onse, a Maule, a Manoma, a Silver ndi ena. Tikakumana ndi akuluakulu a matimu athu, kapena tikaimba foni kuwailesi, tiwonjezere mafunso pa lija loti mukugula ndani. Tifunse ngati wosewera aliyense ali ndi kontirakiti yolembedwa ndipo ali ndi kope lake. Tifunse kuti akathyoka mwendo alipira chipatala ndani, ndipo malipiro ake apitirira kapena ayi. Tifunse a Sulom kuti pokonza ndandanda wa masewero amawerengera maola a pamsewu. Tifunse a FAM, omwe amapereka ziphaso kumatimu, kuti amatsatira bwanji zomwe matimuwo adalonjeza papepala, kufikira kumaligi aang'ono komwe ana ambiri amavulalira.

Ndipo amene ali ndi kangachepe, ayesere kamodzi kutsatira timu yake ulendo wautali. A ku Blantyre apite ku Karonga, a ku Karonga atsikire ku Mulanje kapena ku Nchalo. Dziko lathu ndi lokongola, Chiweta yekha ndi wokwana kulipirira tikiti. Mukabwerako, tidzakambirane bwino za yemwe watha ndi yemwe wangotopa.

Wochemerera Maule,
Chilomoni, Blantyre