Canter ya amalume inali kunjenjemera, mlandu unagwera mng'ono wanga

Amalume anga a ku Petauke ali na Mitsubishi Canter yaifupi imene anagula yogwirako kale nchito kuchokera ku Japan. Pa nyengo yokolola imanyamula chimanga cha alimi kupereka ku depoti ya FRA, ndipo nthawi zina imapita ku Lusaka na nshawa, ulendo wa makilomita pafupifupi 400. Woyendetsa ni mng'ono wanga. Ndalama imene amalandira pamenepo ndiyo imalipirira mlongo wathu sukulu.

Chaka chatha amalume anaona kuti motoka ikukhala pansi kumbuyo ikanyamula matumba a makilo 50. Anaipereka kwa owotcherera, amene anaonjezera masipuling'i awiri mbali iliyonse na kuika mashakolo aatali kumbuyo. Motoka inakwera, inaoneka yamphamvu, ndipo amalume anayamba kuyenda monyada pa msika. Koma patapita milungu iwiri, mng'ono wanga anayamba kudandaula kuti ikafika pa 60, mpando umanjenjemera ndipo galasi loonera kumbuyo silionetsa kanthu bwino. Anasintha matayala. Anasintha krosi ya pa propshafti. Patatha miyezi iwiri krosi yatsopano ija inatha, anaikanso ina.

Apa m'pamene nkhani inalowa m'banja. Amalume anati mnyamata amathamangitsa motoka usiku na anzake, ndiye anayamba kumudula ndalama za ma krosi pa malipiro ake. Amayi analeka kupita kunyumba kwa mlongo wao. Ine ninali pakati, ndipo kunena zoona, nanenso ninali kumukayikira mng'ono wanga, chifukwa nimamudziwa kuti ali na phazi lolemera.

Tsiku lina ninafunika kupita ku Nyimba kukajambula mau a alimi a nthochi pa pulogalamu yathu ya pa wailesi, ndiye ninakwera nao. Titapita Minga, pa msewu wabwino wa tara, n'namva ndekha. Kunjenjemerako kunali kuchokera pansi pa mpando, kunali kukula akaponda mafuta, ndipo sikunali kumveka pa chiongolero. Mng'ono wanga anali kuyendetsa pa 65 chabe. Ananiyang'ana, sanakambe kanthu.

Ku Nyimba, pamene ine ninali kujambula, iye anapita kwa amdala ena amene anagwirapo nchito ya umakanika ku migodi ku Copperbelt. N'tafika n'napeza akwawa pansi pa motoka. Sanafunse zakuti ayendetsa ndani. Anafunsa kuti, “Mwana wanga, ni chiyani chimene munasintha motoka isanayambe kuchita izi?” Atamva za masipuling'i na mashakolo, anapempha foni yanga, chifukwa ili na kapulogalamu kopima kupendekeka kwa chinthu m'madigiri.

Zimene anatiphunzitsa n'izi. Propshafti ni chitsulo chozungulira chimene chimatenga mphamvu ku giyabokosi kupereka ku difu. Mbali zonse ziwiri kuli krosi, imene imalola chitsulocho kuzungulira chili chopendekeka. Koma krosi ikapendekeka siizungulira mofanana: pa kuzungulira kumodzi imafulumira kawiri na kuchedwa kawiri. Opanga motoka amadziwa zimenezi, ndiye amakonza kuti krosi ya kutsogolo na ya kumbuyo zipendekeke mofanana. Ikafulumira ya kutsogolo, ya kumbuyo imabweza, ndipo difu imalandira mphamvu yosalala. Zikasiyana, kufulumira na kuchedwa kuja kumafika m'thupi lonse la motoka. Lamulo limene amakanika amatsata n'lakuti krosi iliyonse isapendekeke kupitirira madigiri 3, ziwirizo zisasiyane kupitirira digiri 1, ndiponso isakhale yoongoka ndendende, chifukwa tizitsulo ta mkati mwake tifunika kuyendayenda kuti girizi ifalikire.

Tinakankha motoka pa malo osatsetsereka kuseri kwa sitolo, matumba ali m'mwamba, chifukwa amdala anati ipimidwe mmene imayendera masiku onse. Anaika foni pa malo atatu. Giyabokosi inali yoweramira kumbuyo madigiri 3. Propshafti inali kutsika madigiri 8. Mphuno ya difu inali kuyang'ana m'mwamba madigiri 7. Analemba na chala pa fumbi: 8 kuchotsa 3, krosi ya kutsogolo ili pa 5. Ndiyeno 8 kuchotsa 7, ya kumbuyo ili pa 1. Kusiyana kwake madigiri 4. Masipuling'i oonjezera anakweza motoka, ndipo popeza Canter imeneyi ni yaifupi, propshafti inatsetsereka kwambiri. Mashakolo aatali anatsitsa mchira wa sipuling'i, ndiye mphuno ya difu inatembenukira m'mwamba. Olo woyendetsa akanakhala wansembe, krosi ija ikanatha ndithu.

Ananenanso kuti tiyang'ane mafoloko a mbali ziwiri za propshafti ngati ali pa mzere umodzi, chifukwa ena akamasula kuti asinthe krosi amabwezera molakwika pa mano a pamene imatalikira na kufupika. Athu anali bwino. Mwai wina unali wakuti mashakolo akale anali akali kuseri kwa mpando. Atawabwezera, propshafti inabwera pa 6, difu pa 5. Kenaka anatumiza mnyamata wao kukasema tizitsulo tiwiri ta madigiri 2, tokhuthala mbali imodzi. Anatiika pakati pa sipuling'i na ekiselo, mbali yokhuthala kutsogolo, kuti mphuno ya difu itsike. Anagula ma U-bolt atsopano, chifukwa akale anali atatanuka, ndipo anatichenjeza kuti tikawamangenso tikayenda ulendo umodzi. Popimanso, giyabokosi 3, propshafti 6, difu 3. Ma krosi onse awiri pa madigiri 3.

Tisananyamuke anatiuza chinthu chimene sitinafunse. Anati masipuling'i oonjezera amabisa chabe kulemera kwa katundu. Mabuleki, matayala na chasisi ni zomwe zija za ku fakitale, ndipo mapiri a ku Kacholola potsikira ku mlatho wa Luangwa sadziwa kuti motoka ikuoneka yamphamvu.

Pobwerera mng'ono wanga anafika pa 80, galasi lili zii. Anaika botolo la madzi pa dashibodi, madzi osagwedezeka, ndipo anaseka koyamba patapita miyezi itatu. Ine sin'naseke kwambiri. Pa wailesi mau akayamba kulira, sitikalipira woulutsa. Timayamba tafufuza waya umene wasinthidwa dzulo. Nimachita zimenezi sabata iliyonse, koma kwa m'bale wanga sin'naganizeko.

Kuuza amalume kunali kovuta kuposa kukonza motoka. Sungauze munthu wamkulu kuti, “Munalakwitsa ndimwe.” N'nawaonetsa zithunzi za manambala a pa foni, n'nati, “Amalume, amdala a ku Nyimba akuti motoka ikakwezedwa imafunika kupimidwa. Ambiri sadziwa.” Anayang'ana nthawi yaitali, anafunsa mtengo wa tizitsulo tija, basi. Pepani sanakambe. Koma pa malipiro a mwezi umenewo munali ndalama zoonjezera zofanana ndendende na mtengo wa ma krosi awiri, ndipo pa Sondo amayi anaphika nkhuku n'kutumiza mbale kwa mlongo wao.

Manje amalume akukamba zoikanso mashakolo aatali nyengo yokolola ikafika, akuti motoka inali kuoneka bwino. Mng'ono wanga waika kapulogalamu kaja pa foni yake, ndipo mashakolowo wawabisa kunyumba kwanga.