Ntchito yanga yolera makristalo

Ndimajambula tinthu tochepa kuposa njere ya mchere pogwiritsa ntchito X-ray, pofuna kudziwa mmene maatomu akhalira m'kati mwake: ili lili pati, lagwirana ndi liti, atalikirana motani. Ntchitoyi ndinaiphunzira ku dipatimenti ya chemistry ya University of Cape Town, m'tsinde mwa phiri la Devil's Peak, ndipo mpaka lero ndi imene imandidyetsa.

Mchere, shuga ndi mankhwala ambiri a m'mapiritsi ndi makristalo. Maatomu ake anandanda mwadongosolo lomangobwerezabwereza mbali zonse. Kuwala kwa X-ray kukawomba mizere imeneyi kumamwazika n'kusiya timadontho pa chojambulira, ndipo malo a timadonthoto ndi kuwala kwake n'zimene timawerengetsera kuti tipeze pamene pali atomu iliyonse. A Max von Laue ndi anzawo anaona timadonthoti koyamba ku Munich mu 1912. Chaka chotsatira a William Bragg ndi mwana wawo Lawrence, ku England, anasonyeza mmene maatomu a mchere wa patebulo anayalidwira. Analandira mphoto ya Nobel mu 1915, Lawrence ali ndi zaka 25 zokha.

Luso limeneli linafika ku Cape Town ndi a Reginald James, munthu amene mbiri yake sindimatopa kuifotokozera ophunzira atsopano. Ali mnyamata anakwera sitima ya Endurance ndi a Ernest Shackleton mu 1914 kupita ku Antarctica. Sitimayo inaphwanyika ndi madzi oundana, ndipo a James anali m'gulu limene linakhala miyezi ingapo pachilumba cha Elephant kudikira chipulumutso. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha anakagwira ntchito ndi a Lawrence Bragg ku Manchester, kuyeza mosamala mphamvu ya X-ray yobwerera kuchokera ku mchere wa m'miyala. Mu 1937 anabwera ku Cape Town kudzakhala pulofesa wa physics. Ophunzira awo awiri anadzalandira mphoto ya Nobel: a Allan Cormack mu 1979, chifukwa cha masamu amene anabala makina a CT scan, ndi a Aaron Klug mu 1982. A Klug anakulira ku Durban, ndipo atachoka ku Cape Town anakagwira ntchito ndi a Rosalind Franklin ku London pofufuza kapangidwe ka mavairasi. Patapita zaka, ntchitoyi inazika mizu ku chemistry, kumene a Luigi Nassimbeni, a Mino Caira ndi a Susan Bourne anaphunzitsa mibadwo ya ophunzira kufufuza mmene mamolekyu amagwiranirana komanso mmene ena amasungira anzawo m'mipata ya kristalo.

M'masiku a a James, kupeza kapangidwe ka molekyu imodzi kunkatenga miyezi kapena zaka, munthu akuyerekeza kuda kwa timadontho pafilimu ndi maso n'kumawerengetsa pamanja. Lero makina amatola timadontho masauzande m'maola ochepa, ndipo pulogalamu ya SHELX, imene analemba a George Sheldrick, imatulutsa chithunzi choyamba tiyi asanazizire. Chimene sichinasinthe ndi chakuti popanda kristalo yabwino palibe chimene ungachite, ndipo kristalo suiitanitsa ngati katundu. Umailera.

Mnzanga wa mu labu akandibweretsera ufa wa mankhwala amene wapanga, ndimasungunula pang'ono m'kabotolo, mwina mu ethanol, mwina mu acetone, n'kuvindikira ndi kapepala koboola timabowo tiwiri kapena titatu kuti madziwo aziuma pang'onopang'ono. Nthawi zina ndimaika kabotoloko m'botolo lokulirapo lokhala ndi madzi ena amene mankhwalawo sasungunukamo, kuti nthunzi yake izilowa mwakachetechete. Kenako ndimakaika pashelufu pamene sipagwedezeka. Apa ndiye pamavuta ophunzira. Amafuna kunyamula botolo m'mawa uliwonse kuti aone ngati zayamba, koma ukaligwedeza pamabadwa timakristalo tambirimbiri topanda ntchito m'malo mwa imodzi yokula bwino. Zili ngati mphika wa nyemba: wovundukula pafupipafupi amachedwetsa yekha chakudya. Mankhwala ena amabala mawa lake, ena amakhala mwezi, ena amangosanduka phala lomata pansi pa botolo, ndipo umayambanso ndi madzi ena.

Kusankha ndi ntchito ya maso. Pansi pa maikulosikopu ndimafuna kristalo imodzi yoyera, ya m'mbali mosongoka bwino, yaikulu pafupifupi mamilimita 0.2. Ndikamaizunguza m'kuwala kosefedwa iyenera kuda yonse nthawi imodzi. Ikada theka, theka lina n'kumawala, ndiye kuti ndi mapasa omatirirana, ndipo adzandisokoneza masamu. Yabwinoyo ndimaitola ndi kadontho ka mafuta pa kachingwe kopota ngati kamsampha, dzanja litatsamira patebulo, mpweya nditaugwira. Pamakina imaziziritsidwa ndi mpweya wa nitrogen mpaka madigiri 173 pansi pa ziro, kuti maatomu achepetse kunjenjemera.

Chithunzi chikatuluka pakompyuta, ntchito ya mutu imayamba. Kompyuta siidziwa chemistry. Ikhoza kuika nitrogen pamene pali carbon, chifukwa awiriwa amamwaza X-ray pafupifupi mofanana. Ndimayang'ana kutalikirana kwa maatomu: a carbon awiri ogwirana kamodzi amatalikirana pafupifupi ma angstrom 1.54, ndipo angstrom ndi gawo limodzi mwa magawo 10 miliyoni a milimita. Pali nambala imene timaitcha R, yosonyeza kusiyana kwa chithunzi chathu ndi zimene makina anayeza. Ikatsika kufika cha m'ma 5 peresenti timasangalala, koma ine sindikhulupirira munthu amene amangothamangira kutsitsa nambalayo. Chithunzi chabodza chokhala ndi R yokongola n'choopsa, pakuti chikalowa m'nkhokwe ya ku Cambridge yosunga kapangidwe ka makristalo, imene a Olga Kennard anayambitsa mu 1965 ndipo inapitirira makristalo 1 miliyoni mu 2019, anthu a dziko lonse adzamangapo ntchito zawo.

Achibale akandifunsa phindu la zonsezi, ndimawauza za ritonavir, amene ali m'gulu la ma ARV omwe anthu kwathu amamwa. Mu 1998, patangopita zaka ziwiri ali pamsika, mankhwalawa anayamba kupanga kristalo ya mtundu wina m'fakitale. Molekyu inali yomweyo, koma yoyalidwa mwanjira ina, yosasungunuka msanga, moti thupi silikanatha kuilandira mokwanira. Makapisozi anachotsedwa pamsika mpaka atapeza kapangidwe kena. Ndimawauzanso za malungo. Kachilombo ka malungo kakamadya magazi kamatsala ndi haem, amene ndi poizoni kwa iko, ndiye kamamuunjika kukhala timakristalo takuda totchedwa haemozoin. Chloroquine ndi kwinini amalepheretsa timakristaloti kukula, kachilomboko n'kufa ndi zinyalala zake zomwe. A Timothy Egan a ku Cape Town komweko anatha zaka zambiri akufufuza mmene zimenezi zimachitikira, ndipo ofuna mankhwala atsopano a malungo akugwiritsabe ntchito zimene anapeza.