Kodi Inalidi Nthawi Yake?

Anzanga a kunyanja, werengani kaye mpaka pansi musanatumize kwina.

July chaka chatha tinaika mnzanga amene ndinakula naye pamchenga kuno ku Msaka. Boti lawo linatembenuka usiku ndi mwera akuchokera ku usipa. Injini inazima pakati pa nyanja, boti linapingasa, mafunde n'kulowa. Alovi ena anapulumukira pa zigubu, iye ayi.

Pamaliro aliyense ankati, "Inali nthawi yake, Mulungu analemba kale." Ine ndinangoti zii, chifukwa injini imeneyo, Yamaha Enduro 15, inadutsa m'manja mwanga masana a tsiku lomwelo. Ndinawauza eni boti kuti impela yatha, madzi sakuzungulira, injini izitentha. Iwo anati, "Mphwanga, ingoigwiragwira ipite lero, usipa wagwa, mawa tigula." Ndinatsuka pulagi, n'kulandira ndalama, ulendo kokaonera mpira.

Kunena zoona, mawu a pamaliro aja ankandikomera. Ngati zinalembedwa, ndiye kuti ine ndilibe mlandu. Ndinakulira mu CCAP, ndipo ndimadziwa zimene John Calvin ankaphunzitsa ku Geneva zaka za m'ma 1500, kuti Mulungu anasankha anthu ake dziko lisanalengedwe. Aefeso 1 amakambanso zomwezo. Ndiye ndinabisala m'menemo miyezi itatu, koma tulo sindinkapeza.

Tsiku lina bambo akusoka chilimira, ndinawaululira zonse. Sanandikalipire. Anati nkhani ya kusankhidwa imakamba za chipulumutso, si ya impela ayi. Kenako anati ndiwawerengere Machitidwe 27. Paulo ali m'ngalawa ndi anthu 276, namondwe wawazunza masiku 14. Mngelo anali atamuuza kale kuti palibe amene afe. Koma amalinyero atafuna kuthawa pa kabwato, Paulo yemweyo anauza asilikali kuti anthu amenewa akachoka, otsalawo sapulumuka. Asilikali anadula zingwe za kabwato kaja. Ngalawa itasweka, ena anasambira, ena anagwira matabwa, onse n'kufika kumtunda.

Bambo anati, "Waona mwana wanga? Lonjezo linalipo, komabe zingwe anadula ndi manja, kusambira anasambira okha."

Ine m'mene Mulungu amalumikizira ziwirizi mutu wanga sufikapo, ndine makaniko chabe. Chimene ndikudziwa n'choti tsiku lija ndikanatha kukana, sindinakane. Ndinapita kwa mayi ake a malemu kukagwada. Analira, ine ndinaliranso, ndipo mpaka pano ndimawapatsira ndiwo ndikapeza.

Masiku ano injini yodwala sichoka pashedi panga, kaya bwana akwiye, kaya apite kwa makaniko wina. Ena apitadi, ndalama zachepa.

Guys, a zanyengo akachenjeza za mwera pawailesi, mverani. Jekete yoyandamitsa valani, si mantha. Pempherani musanalowe m'madzi, koma muonenso ngati injini ikukodza.