Shuga wowala wa azakhali

Anzanga a Fomu 4, mutu uja wa half-life umene timasinza nawo mu Physics, ine unandigulitsira mandasi. Sindikunama.

Azakhali anga amakazinga mandasi ku Chinsapo. Atawapeza ndi khansa ya m'mawere, mwana wawo wa ku Joni anawaitanitsa kuti akaunikidwe ndi makina a PET. Pobwera anafotokozera anzawo pampopi kuti, "Anandibaya shuga wa radiation, chotupa chonse n'kuonekera pakompyuta." Basitu. Kutacha, mbiri inali ponseponse yoti azakhali ali ndi poizoni m'thupi. Beseni linkabwerera lodzaza, ndipo mayi wina anachita kuwalanda mwana m'manja.

Zinandiwawa, ndiye ndinakafunsa aphunzitsi. Akuti shugayo amatchedwa FDG, ndipo amamumatiza kanthu kotulutsa radiation kotchedwa fluorine-18. Maselo a khansa ndi adyera, amameza shuga kuposa anzawo. N'chifukwa chake wodwala amayamba wakhala ndi njala maola angapo, akamubaya n'kudikira pafupifupi ola limodzi. Pamene shuga waunjikana m'pamene pamawala pachithunzi, ndipo dokotala amaona ngati matenda afalikira kwina. Ubongo nawo umawala chifukwa umadya shuga kwambiri, ngakhale wa anyamata ena a kumbuyo kuja ndikukayika.

Nayi nkhani yeniyeni: half-life ya fluorine-18 ndi mphindi pafupifupi 110. Tsiku lili ndi mphindi 1,440, kutanthauza kuti mphamvu ija imadulidwa pakati ka 13. Ndinawerengera kuseri kwa kope: pakatha tsiku limodzi pamatsala gawo limodzi mwa magawo oposa 8,000, osawerengera wotuluka ndi mkodzo. N'zoona kuti tsiku lojambulidwalo amakuuza kuti utalikirane ndi makanda ndi amayi oyembekezera kwa maola ochepa. Koma azakhali anali atatha masabata atatu!

Loweruka ndinakhala nawo pabeseni, kope lili m'manja. Mayi uja anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Iwe mwana, masamu akowo ine ayi." Ndinangotola ndasi n'kudya pamaso pawo. Anaseka, n'kugula awiri.

Ena sanabwererebe mpaka pano. Azakhali akupitiriza chithandizo kuchipatala cha khansa ku Central, ndipo masiku amene afooka, wokazinga ndine. Mukaona ndikusinza m'kalasi Lolemba, mundigwedeze.