Ndalama za Anthu Ziwerengedwe Pabwalo

Ntchito yanga ndi yosonkhetsa ndalama za mabungwe a m'midzi ndi kutsogolera anthu ogwira ntchito mongodzipereka kuno ku Mangochi, ndipo ndimainyadira. Chondiwawa n'chakuti masiku ano aliyense wokhala ndi laputopu ndi chidindo akudzitcha katswiri. Mabungwe a m'chikwama amafika pamudzi, kujambula ana a sukulu ya mkombaphala, kugawa alawansi kwa akomiti, basi osaonekanso. Za kulemba pulopozo sindikambapo, wodziwa Chingerezi aliyense angaphunzire. Luso lenileni limaoneka tsiku limene mtsogoleri aima pabwalo la amfumu n'kuwerengetsa poyera ndalama zonse, zimene zinalowa ndi kumene zinapita.

Tsikuli silifuna phuma. Buku la msungichuma likhale lachikuto cholimba, lisiti lililonse lomatidwa patsamba lake, ngakhale la misomali. Wakabaza kapena wogulitsa mchenga alibe lisiti, choncho adinde chala pamaso pa mboni. Wowerenga asakhale wapampando, akhale munthu amene sagwira ndalama, ndipo awerenge m'Chiyao ndi m'Chichewa kuti agogo a ku Makanjira kapena ku Namwera asangomva manambala akudutsa. Zopereka zosakhala ndalama zitchulidwenso ndi eni ake: ndowa ya usipa, thumba la chimanga, njerwa zoumba achinyamata, madzi amene amayi anatunga. Povuta penipeni ndi pamene ndalama yaperewera. Ngati K5,000 sikuoneka, mtsogoleri ainene yekha wina asanafunse, anenenso amene abweze ndi tsiku lake. Apa ndi pamene munthu amakulira utsogoleri, chifukwa amaphunzira kufunsidwa ndi mayi wogulitsa zitumbuwa n'kumuyankha mwaulemu, osapsa mtima. Izi sitinaziphunzire m'mawekishopu a m'mahotela a m'mbali mwa nyanja. Anatiphunzitsa ndi amayi a m'mabungwe a mipingo ndi akuluakulu a m'mizikiti, anthu amene ankawerenga chopereka anzawo akuona chisanalowe m'thumba, ena a iwo osatha n'kulemba komwe. Ndiwonso anatiphunzitsa nyengo yopemphera: mwera ukamaomba asodzi sakwera bwato, mu Novembala ndi Disembala nyanja imatsekedwa kuti chambo chiswane, ndipo wopempha nthawi imeneyo amangodzidanitsa ndi anthu. Upemphe chimanga pokolola, upemphe ndalama usipa ukamafa.

Ena amati ndalama za m'mudzi n'zochepa, sizingamange chipatala. N'zoona. Chipatala cha Billy Riordan ku Chembe, chimene chinatsegulidwa mu 2004, chinamangidwa ndi thandizo lochokera ku Ireland, ndipo palibe wanzeru angalinyoze. Koma thandizo lakunja lili ndi nyengo yake. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bajeti zolembedwa kale m'makwacha zinalephera kugula simenti yomwe zinalonjeza, ndipo mu 2025 boma la America litadula thandizo lake mapulojekiti ambiri anaima. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mudzi umene unazolowera kusonkha n'kumva malipoti umapitiriza kuphikira ana phala, pamene umene unkangolandira umadikira galimoto. Opereka thandizo nawo ali ndi vuto lawo: amakonda kulipira nyumba yoti alembepo dzina, koma ukatchula mafuta a njinga yamoto kapena malipiro a wosunga mabuku amakwinya nkhope, chonsecho mawa akufuna lipoti lopanda banga.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera, ndipo sindichipeputsa: anthu odziperekawa ndi osauka, kuwagwiritsa ntchito osawalipira si kuwadyera masuku pamutu kodi? Yankho langa n'lakuti munthu asawononge zake pothandiza mudzi. Thiransipoti abwezeredwe, njinga apatsidwe, maphunziro alandire, ndipo ntchito ikafika pomudyera tsiku lonse alembedwe ganyu yolipidwa. Chimene ndimakana ndi alawansi yongokhalira pamsonkhano. Makomiti a asodzi a m'madoko atayamba ku nyanja ya Malombe mu 1993, ndi cholinga chabwino chobwezeretsa chambo, nkhani ya alawansi inachititsa asodzi ena kuona akomiti ngati antchito a boma osati owaimira. Munthu wolipidwa pokhala pansi amayankha kwa womulipira. Bungwe la Malawi Children's Village, limene linayamba mu 1997, linasankha kuti ana amasiye azisamalidwa kwa abale awo, odzipereka a m'mudzi momwemo n'kumawayendera, ndipo munthu wotere amayankha kwa anansi ake chifukwa amakumana nawo pamjigo ndi pamaliro.

Inu amfumu, inu akomiti ya chitukuko, bungwe lililonse likabwera m'mudzi mwanu, lathu lomwe, lifunseni tsiku limene lidzawerenge ndalama pabwalo. Likazemba funso limeneli, musalipatse malo, musalipatse ana anu kuti liwajambule.